Mgodi Wovulira Nsapato

Katondo, Kabwe
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene Amon,

Mtima ukhale m'malo, musavutikenso kukwera basi kuchokera ku Lilongweko. Bambo ayambanso kudya, ndipo dzina la Vivian likutchulidwanso m'nyumba muno.

Pafoni paja sindinakuuzeni zonse chifukwa bambo anali pafupi. Mng'ono wangayo anaika pafoni chithunzi chake ali ku Japan kumene akuphunzira, atavala chipewa cholimba cha kumgodi, kumbuyo kwake kuli phanga. Mayi Namwinga oyandikana nafe, amene nkhani siigona m'kamwa mwawo, anathamanga nacho kwa bambo. Mukulidziwa lumbiro la bambo lija, loti mgodi wa Kabwe unawadya chifuwa iwo ndi agogo, ndiye mwana wawo sadzapondamo. Bambo anati Vivian watinamiza, sukulu yamukanika ndipo akukumba miyala kwa eni. Foni zake ankazikana, mbale n'kumabwerera zosakhudzidwa. Ndinaopa kwambiri, achimwene, ndinkaona ngati atisiya ali chikwiyire.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinangowaikira foni patsogolo, Vivian akuoneka. Moni sanamupatse.

"Iwe, mugodi ni mugodi," anatero. "Bakukumbisa chani?"

Vivian anavomera kuti ndi mgodi ndithu, wakale, ndipo unkatulutsa mtovu ngati wathu womwewu. Mumtima ndinati mwanayu watipha. Koma anafotokoza kuti iwo sakumba. Mgodiwo uli pansi pa phiri, ndipo m'katimo muli thanki yaikulu ya madzi oyera, yozunguliridwa ndi magalasi ambirimbiri onga mababu, odikira tizinthu tosaoneka tochokera kudzuwa, timene timadutsa m'thanthwe ndi m'matupi mwathu ife osamva. Mwa apo ndi apo kena kamagunda madzi n'kuthwanima, iwo n'kulemba. Akuti anayambitsa ntchitoyi ndi mphunzitsi wina wa komweko, malemu tsopano, amene anasankha mgodi kuti thanthwe lizitchinga zosokoneza zochokera kumwamba, ndipo atakalamba analandira nayo mphoto yotchuka padziko lonse.

Ine sindinatolepo zambiri. Bambo anafunsa zimene amazidziwa: fumbi, denga, ndi polowera mpweya. Vivian anati amalowa pagalimoto, ndipo akafika amavula nsapato kuopa kudetsa. Apa bambo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati mgodi wovulira nsapato sanaumvepo chibadwire, ndipo pali anthu amwayi padziko, olembedwa ntchito yolondera madzi.

Kenaka ananena motsitsa mawu kuti, "Manje mvera. Ine nikangena pansi mu mugodi, amai ako sibanali kudya mpaka nichoke. Ukachoka, uziniuza."

Ndiye tsiku lililonse limene walowa kumabwera uthenga wa liwu limodzi, "Ndatuluka." Kwawoko kumakhala madzulo, kuno dzuwa litakwera kale, choncho phala la bambo limazizira patebulo. Ndasiya kulimbana nawo, ndimangolitenthetsanso.

Muwaimbire Loweruka, koma za kukana kudya zija musazitchule, akuchita nazo manyazi. Moni kwa alamu ndi ana. Bambo akupereka moni, akutinso inu ogwira ntchito pamtunda simunawauzepo n'kamodzi komwe kuti mwaweruka bwino.

Ndilekeze pompa, foni yawo yalira ndipo akundiitana kuti ndibweretse supuni.

Ndine mlongo wanu,
Prudence