Choko pa Nsalu ya Anamwino

Lolemba, 3 Juni

Magetsi azima m'mawa wonse. Makina opalasa ndi phazi, msana ngati wandimenya munthu. Pa shelefu mulu wa nsalu za eni: mayunifolomu, masiketi, buluku la agolosale, ndi nsalu yobiriwira ya amayi anamwino. Akufuna diresi la ku ukwati wa mchimwene wawo. Sindinaikhudze n'komwe. Vuto langa ndi losatha kukana. Munthu akafika ndi nsalu, pakamwa pangoti "siyani, mudzatenge Lachisanu," m'mutu muli lendi.

Mwana wanga wamkazi Kabatani wabwera kuchokera ku sukulu nsapato itang'ambika. Zaka khumi ndi ziwiri, phazi lofanana kale ndi langa.

Lachitatu, 5 Juni

Anamwino. Ndinawaonera pa windo akulowa pa geti. Msangamsanga nsalu yawo pa tebulo, mizere iwiri ya choko, mapini apa ndi apo, tepi m'khosi. Kuti aziona ngati ntchito ili mkati. "Yatsala pang'ono mayi, Mulungu akalola sabata yamawa." Anapita akumwetulira. Telala aliyense amatero, nanga n'kutani. Amene anandiphunzitsa kusoka ankati choko chimatonthoza kasitomala.

Kabatani anali pakona, akulemba masamu. Sanadzutse mutu.

Lamulungu, 9 Juni

Abusa pa nkhani ya ntchito. Akuti ngakhale ukusesa pamene palibe wokuona, uzisesa ngati bwana wako ndi Ambuye. Ndinavomera ameni mokweza, mpaka amayi a pambali panga kunditembenukira. Ku Sande sukulu ndinaphunzitsa ana za kunena zoona. Kabatani ndiye anayankha mafunso onse. Mtima wanga mbee. Mwana ameneyu ndamulera bwino, ndinadziuza pobwerera.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinapita kukagula mazipi ndi ulusi. Zakweranso. Pobwera, nsalu yobiriwira ili yoyala pa tebulo, choko, mapini, tepi pambali. Kabatani mano onse panja. Akuti anamwino anabwera ine kulibe. "Musadandaule amayi, ndawakonza." Ndiye n'kundiyeserera mmene anawauzira, kupendeketsa mutu ngati ine, dzanja pachifuwa ngati ine. "Yatsala pang'ono mayi, Mulungu akalola."

Mizere yake yowongoka kuposa yanga.

Ndinaseka. Kenako ndinalowa kuchipinda n'kukhala pa bedi, mazipi ali m'manja. Sindinamuphunzitsepo zimenezi. Pemphero ndinachita kumukhazika pansi, kubwereza mpaka kuloweza. Izi wangotola yekha. Ndachita mantha.

Lachinayi, 13 Juni

Bambo ake anaimba foni ali pa ulendo ndi lole. Ndinawafotokozera. Kuseka kwake! Akuti mwana ali ndi mutu wa bizinesi, ndisadzipweteke ndi maganizo. Amuna inu.

Pemphero la m'mawa linandikanika. Kabatani anatsinzina, manja pamodzi, kudikira kuti ndiyambe. Ndinangoti apemphere iye. Anapempherera ntchito ya manja anga, monga ndimachitira masiku onse. Dzina la Mulungu ndakhala ndikuliika pa bodza ngati batani lotsekera pong'ambika, mwana akuona. Akazolowera, mawa adzanamiza aphunzitsi, mkuja mwamuna wake, ine ndemwe. Ndipo adzatero akumwetulira.

Diresi silingatheke ukwati usanafike. Mayunifolomu ali patsogolo, eni ake akhala akudikira kuyambira kale.

Loweruka, 15 Juni

Ndawauza. Anamwino atafika ndinaimitsa makina, Kabatani ali pomwepo. Ndinati nsalu sindinaidule, choko chija n'chongonamizira, apite nayo kwa telala wina nthawi ikadalipo, andikhululukire.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anazula mapini limodzi limodzi, n'kuwaika pa tebulo, n'kupinda nsalu yawo. Ali pakhomo anayang'ana Kabatani. "Nawenso, mwana wamng'ono ngati iwe?"

Izi sindinaziganizire. Ndimati ndikudziyalutsa ndekha, osadziwa kuti ndikuyalutsa ndi mwana yemwe. Kabatani analira mpaka kusisima. "Ine ndimakuthandizani. Inu mwakhala wabwino, wabodza ndatsala ine." Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, iye anangotengera. Anachotsa dzanja langa paphewa pake.

Lamulungu, 16 Juni

Ku tchalitchi anakakhala ndi anzake kumbuyo. Ku Sande sukulu sanakweze mkono ngakhale kamodzi. Anamwino sapemphera kwathu, mwayi wake ndi umenewo. Koma ali ndi anzawo ambiri kuchipatala, ena ndi makasitomala anga. Nkhani ikhala itayenda kale.

Lachitatu, 26 Juni

Masiku apitawa osalemba. Kusoka basi, maso kuwawa. Ndabweza anthu awiri ndi nsalu zawo, pakamwa kuchita kulemera ponena kuti sindingathe. Alandilodi adutsa kawiri, moni wawo wautali uja. Nsapato ya Kabatani ndangoimata.

Tayambanso kulankhulana, pang'onopang'ono. Dzulo anandilowetsera ulusi pa singano osamutuma.

Masana ano kugogoda. Agolosale, kudzafunsa buluku lawo. Munthu amene amatipatsa sopo ndi shuga pa ngongole mwezi ukavuta. Buluku lili pansi penipeni pa mulu, momwe analibweretsera. Kabatani ndiye anathamangira ku chitseko. Asanatsegule anatembenuka, dzanja lili pa chogwirira. Osati mwachipongwe ayi, amafunadi kudziwa. Anachita kunong'ona.

"Amayi, lero tikunena ziti?"

Nditayang'ana m'manja mwanga, choko ndinali nditatola kale.