Chilonda cha pamsana pa Bambo

Achimwene Yohane,

Landirani moni kuchokera kuno kukomboni ku Banket. Ife tili bwino, Amayi okha ndiwo sakudya mokwanira. Kaya inu ku Joniko?

Bambo akadali m'chipinda cha odwala mwakayakaya chigwereni m'munda wa fodya ndi sitiroko ija. Lachiwiri ndinakwera kombi kukawaona. Ndinamva fungo lachilendo, ndipo nditakweza nsalu ndinapeza chilonda chakuda m'munsi mwa msana, china pachidendene. Chonsecho popita kuchipatala analibe ngakhale kachipsera.

Ndinafunsa nesi amene analipo. Iye anati, "Mayi, bambo anuwa ndi okalamba, ali ndi shuga, awonda, komanso satha kutembenuka okha. Khungu likapanikizika nthawi yaitali limafa. Ife timawatembenuza pafupipafupi."

Mwina n'zoona. Koma ndinakhala pambali pawo mpaka nthawi yoona odwala inatha, palibe anawakhudza, ndipo pomwe anagona panali ponyowa ndi mkodzo. Nditadandaula, nesiyo anangoti, "Tilipo ochepa," n'kutseka katani. Nanga ife tikachoka zimakhala bwanji?

Azakhali akuti wina kukomboni kuno anawalodza. Ine sindikuvomereza, amene ndikuwakayikira ndi a m'chipatala momwemo.

Chonde mundifunsire alamu anga, poti amasamalira okalamba kumeneko, ngati chilonda chotere chimapola. Ngati n'kotheka bwerani, tikaonane ndi dokotala tili awiri. Bambo sangathe kudzinenera, ndiye ife tikakhala chete aolera pabedi pomwepo.

Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Esinati