Adokotala anati ndi mtsempha, amuna anga akuti ndizipita kwathu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa zovala pamsika. Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wosadziwa kukhala pansi. Ngakhale Lamlungu masana mumawapeza akukonza chitseko chomwe sichinawonongeke n'komwe.

Miyezi yapitayi, akunyamula thumba la simenti kuntchito, anamva kuti thyo m'chiuno. Anabwera akutsimphina, nati ndi kutopa chabe. Koma ululu sunathere m'chiuno. Unatsikira kuthako, kuseri kwa ntchafu, mpaka kuphazi lamanzere, ngati wina akuwalowetsa waya wamoto. Zala za phazilo zimachita dzanzi. Akafuna kuyetsemula amayamba agwira khoma.

Kuchipatala adokotala anawagoneka pabedi, n'kukweza mwendo, n'kugogoda bondo ndi kanyundo. Kenako anati, "Ndi disiki ya msana, ikupanikiza mtsempha. Mukayambe mafizo." Panja panali mzere wautali, ife tinangoti zikomo n'kutuluka. Kunena zoona, Aphungu, pa zonsezo tinatolapo mawu awiri okha: msana ndi mtsempha.

Tsono mnzawo amene anaphunzira naye ntchito anagwa padenga zaka zapitazo n'kuvulala msana, ndipo mpaka lero amayendera njinga ya olumala. Amuna anga atangomva kuti msana, anaona kuti nawonso njira ndi yomweyo.

Kunyumba aliyense wasanduka dokotala. Apongozi anga akuti mtsempha ndi wa magazi, ndiye kuti magazi aundana, sitiroko ili m'njira. Alamu anga, okonda mpira, akuti mtsempha waduka ngati wa osewera, pakufunika kusoka. Aneba athu, bambo a thupi lawo ndithu, adzipereka kuti awaponde pamsana fupa libwerere m'malo.

Mafizo aja, masewero olimbitsa thupi a kuchipatala, amuna anga akukana. Akuti, "Amenewo ndi a anthu oti ziwalo zinafa kale." Amangogona pamphasa pabalaza, nkhope kukhoma, kuopa kuti akasuntha mtsempha uduka. Sabata yatha anandiitana nati, "Amayi a ana, inu mukadali ndi mphamvu. Tengani anawa muzipita kwanu. Sindikufuna muzidzandisambitsa ngati khanda." Ndinayesa kuseka, ndinati, "Kwathu kuti? Mwaiwala kuti chipinda changa anachisandutsa khola la nkhuku?" Iwo sanaseke.

Ine sindikupita kulikonse. Koma ndiwayankha bwanji pamene inenso sindikudziwa kuti disiki n'chiyani, ndipo mtsempha akunenawo ndi uti? Kodi n'zoona kuti adzasiya kuyenda?

T.K.N., wa m'tauni muno

Mayi T.K.N.,

Chikwama musalongedze, nkhuku zija zisiyeni zigone mwamtendere. Ine si amene ndinawayeza amuna anu, choncho sindingakulonjezeni za mawa. Koma mawu amene akukusowetsani tulowa ndingakumasulireni.

Mawu oti mtsempha timawasenzetsa katundu wambiri. Pali mitsempha ya magazi, imene mumaiona yobiriwira pamkono. Imeneyo ndiyo akuganiza apongozi anu. Pali ina yolimba ngati chingwe, yomangirira mnofu ku fupa kapena fupa ku fupa linzake. Gwirani kuseri kwa chidendene chanu muimva. Imeneyo ndiyo ya alamu anu ampira. Ndiye pali yachitatu, yonyamula mauthenga. Imachokera ku ubongo, kutsika mkati mwa msana, n'kumwazikana thupi lonse. Ndiyo imauza mwendo kuti yenda, ndiyonso imauza ubongo kuti phazi laponda munga. Dzanzi ndi ululu wotsetsereka ndi mwendo zikuloza ku mtundu wachitatuwu. Apongozi ndi alamu onse anamva bwino mawu, koma aliyense anatola mtsempha wake.

Za disiki. Msana si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa kalikonse ndi kanzake pali kanthu kofewa kangati khushoni, koletsa mafupa kukhulana. Kameneko ndiko disiki. Munthu akanyamula cholemera atawerama, kakhushoniko kamatha kutumphukira pambali n'kutsina mtsempha wopita kumwendo. Chilonda chili m'chiuno, koma kulira kumamvekera kuphazi. Amuna anu ndi omanga, auzeni m'chinenero chawo: matope atuluka pakati pa njerwa n'kupanikiza waya wamagetsi. Khoma silinagwe, wayanso sanaduke.

Apa ndi pomwe akusiyana ndi mnzawo uja. Munthu akagwa n'kufa miyendo yonse, kawirikawiri chomwe chavulala ndi mtsempha waukulu wodutsa pakati penipeni pa msana, womwe ndi thunthu. Malinga ndi mawu a adokotala amene mwalemba, kwa amuna anu nthambi imodzi yokha ndiyo yatsinidwa. Anthu ambiri a vuto lotere amapeza bwino pakapita masabata kapena miyezi, popanda opaleshoni.

Koma kugona pamphasa tsiku lonse sikukuwathandiza. Minofu ikakhala osagwira ntchito imafooka, mfundo za mafupa zimauma, ndipo tsiku lodzuka ululu umakhala woposa. Mafizo si a anthu amene ziwalo zinafa kale okha. Ndi maphunziro a minofu, kuti ya pamimba ndi ya m'chiuno igwirizize msana, komanso kuti munthu adziwe kanyamulidwe kabwino ka katundu.

Ndiye chitani izi. Bwererani kuchipatala limodzi, ndipo ulendo uno musatuluke ndi zikomo yekha. Pemphani adokotala akulozereni pachithunzi kapena pamsana pa amuna anu pomwe pali vuto. Funsani kuti mtsempha wake ndi uti, kuti ayembekezere chiyani, ndiponso kuti ntchito angayambirenso liti ndi yotani. Mawu akakupitani pamwamba nenani kuti, "Pepani adokotala, bwerezani m'Chichewa chapafupi." Kufunsa si mwano, ndipo amene ali pamzere nawonso adzafunsa ikafika nthawi yawo. Amuna anu amve yankho ndi makutu awo, chifukwa zochokera kwa inu aziti mukungowatonthoza.

Podikira tsikulo, ayambe kuyendayenda pang'ono pabwalo, monga momwe ululu ukuwalolera. Apempheni akuperekezeni pokagula ndiwo pafupi. Munthu wozolowera kufunidwa amadzuka msanga akauzidwa kuti "tandithandizani" kusiyana ndi "muziyenda".

Za kukuthamangitsani musazitengere kumtima. Si chikondi chatha, ndi mantha a munthu amene moyo wake wonse wadya thukuta la msana wake. Khalani nawo pansi muwauze osaseka kuti simunakwatiwe ndi msana. Aneba aja muwathokoze, muwapatse mpando ndi tiyi, koma phazi lawo lisayandikire.

Chomaliza, ndipo ichi musachiiwale. Mukaona kuti mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha iwo osadziwa, chimbudzi chimodzimodzi, kapena achita dzanzi pakati pa miyendo ndi pokhalira, kapena phazi layamba kukwakwaza pansi, kapena miyendo yonse iwiri yafooka, musadikire tsiku la mafizo ndipo musayambe mwaitana achibale kuti mukambirane. Pezani galimoto mupite kuchipatala nthawi yomweyo. Apongozi mudzawauza muli m'njira.

Aphungu