Boti la Ababa Lakana Kulira

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Zii. Ndapotoza kiyi mpaka chala chatupa, injini osatsokomola n'komwe.

Firiji yanga ndinagulitsa chifukwa cha injini imeneyi. Tawanda, makaniko wa maminibasi, makombi aja, ku Chegutu, anaichotsa mu kombi ina yomwe inagubuduzika, n'kudzaimanga m'boti la ababa Loweruka lapitali, kuno ku damu la Claw. Yakale ija inafa ababa atangoyamba kudwala. Chimwalirireni iwo, boti lakhala pamtunda, abuluzi akuotherapo dzuwa.

Ndamuimbira Tawanda. Akuti, "Sisi, injini iri bho, ndinailiza pansi inu mukuona. Boti lanulo ndiye lili ndi chikwambo."

Ati chikwambo, chiwanda cha ufiti. Chikwambo ndi iyeyo.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Achimwene a Horace atulukira kuchokera ku mgodi ku Ngezi, nsapato zonyezimira. Munthu woti pamadzi amasanza boti lisananyamuke. Ati apeza korokoza wina wa ku Muzvezve, mwa okumba golide aja, akufuna injiniyi akaimangire pampu yotsukira dothi. Nanga botilo? "Angagonemo agalu."

Ndati, "Achimwene, ine ndapha nsomba m'boti limeneli kuyambira ndili kusukulu. Ana anga adya za m'menemu. Inu munali kuti?"

Ati mwana wamwamuna ndi iwo, katundu wa bambo amaona ndi iwo. Malamulo oterowo amawakumbuka pakakhala chogulitsa basi.

Nkhani yakafika kwa azakhali a Tabitha, mlongo wawo wa ababa. Agamula chonchi: boti likalira pofika Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, likhala ndi ine. Likapanda kulira, lipite. Kenako andiyang'ana n'kuti, "Koma iwe Lois, Zefaniya asanalize boti ankayamba wagwada kumbuyo kuja, chipewa m'manja, kupemphera. Iwe wangozula mtima wa boti lake osamuuza, n'kuikamo wa kombi yangozi. Ukuti alola?"

Ndawayankha mwaulemu kuti akufa sagwira mawaya. Mumtima ndimawira.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndachipeza chimodzi! Waya wonenepa wakuda wa ku batire Tawanda anangoumangirira pa bawuti ya m'mbali mwa boti, momwe amachitira mu kombi, poti kombi thupi lonse ndi chitsulo. Boti lathu ndi la faiba, chonga pulasitiki, moto ungadutse bwanji? Munthu wa pamsewu ndithu. Ndaumasula, ndapala ndi mpeni pachitsulo cha injini mpaka kuwala, ndaumanga pomwepo.

Ndapotoza kiyi ndikumwetulira kale. Zii.

Ndinafuna kuponya sipanala m'damu. Ndakhala pansi kaye. Kenako ndagunditsa sikuludiraiva pa timabawuti tiwiri ta pa sitata, monga ndinkawaonera ababa. Moto thethethe, sitata n'kuzungulira bwinobwino! Koma injini osagwira, chifukwa iyi ili ndi kavavu kotsegulira dizilo, ndipo kamadikira moto wochokera ku kiyi. Choncho batire lilibe mlandu, sitata ilibe mlandu. Wakuba ali pakati pa batire ndi kiyi.

Lachinayi, 12 Seputembala

Tsiku lonse kuchipatala ndi mwana wanga Zoe, khutu lake layambanso. Boti sindinalione.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndapanga choyesera: babu la galimoto ndi timawaya tiwiri. Pa batire likuyaka. Pa fyuzi likuyaka. Kuseri kwa kiyi, mdima. Waya wofiira wopita ku kiyi ndi wakale womwe uja wa ababa, Tawanda sanausinthe. Umalowa pansi pa matabwa, n'kukatulukira kutsogolo. Wathetheka penapake, kaya makoswe.

Ndakwera kupita m'tauni ku Kadoma kukagula waya watsopano. Pamsika amayi ogulitsa nsomba nkhani aidziwa kale. Wina ndikudutsa: "Ndi uyo wokanidwa ndi bambo ake uja." Wina: "Mkazi pa injini, zinayamba zaonekapo kuti?" Ndatembenuka ndati, "Nsomba zomwe munkapikula kwa ababa zija mumayesa ankakoka ukonde ndi ndani?" Onse maso pa mabeseni.

Koma kandipweteka. Wokanidwa ndi bambo ake. Ndalira mu kombi, nkhope kuwindo, kondakitala asaone.

A Horace atumiza uthenga: korokoza abwera ndi lole Lamulungu, ndisavutike. 

Loweruka, 14 Seputembala

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ndimati ndimange waya watsopano kunsonga kwa wakale, ndikoke, ulowe m'njira yomweyo. Ndakoka, wakana. Ndakokanso, nji! Ndiye ndagona chafufumimba, dzanja pansi pa matabwa, kuutsatira pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimayembekeza kuti upita molunjika kutsogolo. Ayi. Wakhota, wabwerera kumbuyo, wakwera kunsi kwa thabwa lokhalira la kumbuyo.

Chala chagunda kanthu kozizira. Kaswichi.

Kaswichi kachitsulo, konga ta pa makina akale a kumgodi, komangidwa kunsi kwa thabwa, pamalo poti kuti ukafikire uyenera kugwada. Pomwe paja penipeni. Pomwe ababa ankagwada m'mawa uliwonse, chipewa kudzanja lamanzere, lamanja pansi pa thabwa ngati akutsamira. Ine nthawi imeneyo ndimakhala kutsogolo ndikumasula chingwe, maso kumbali, poti munthu wopemphera sumuyang'anitsitsa. Madzulo tikakocheza ankagwadanso, ati kuthokoza.

Boti lawo loyamba linabedwa ndili wakhanda, amayi ankakonda kuikamba nkhaniyo. Ndiye mdala uja anati sadzandibanso. Sanauze munthu. Ngakhale ine! Zaka zonsezi tili awiri pamadzi, osandinong'oneza n'komwe. Ndakwiya, kenako ndaseka ndekha ngati wamisala, kenako zinazo.

Kamutu ka swichiyo n'kosalala, chala chawo chinakadya. Ndipo kanali kozimitsa. Ndiye kuti tsiku lomaliza lija, injini itafa kale, iwo akutsokomola, anagwadabe n'kutseka boti lawo, kuti adzalipeze.

Ndakakankha, kwamveka kuti tha. Babu kuseri kwa kiyi ngwee. Kiyi sindinapotoze, anthu owedza anali pafupi. Ndakabwezera momwe ndinakapezera.

Waya watsopano ali m'chikwama. Akhala momwemo.

Lamulungu, 15 Seputembala

Anabwera onse. Azakhali ndi yunifolomu yawo ya chigwirizano, a Horace, korokoza ndi lole yake, Tawanda, ngakhale amayi awiri a pamsika aja, ati amangodutsa. Kudutsa kupita kuti, kumadzi? Tinakankhira boti m'damu.

Ndinati, "Achimwene, mwana wamwamuna ndinu. Yambani ndinu."

Anakwera akugwira m'mbali ndi manja onse. Anapotoza. Zii. Anapotozanso, thukuta kuti chuu. Tawanda anakwera naye, anagwedeza mawaya, zii. Korokoza anayamba kutsitsa zingwe pa lole, akuti, "Handei, tiyeni, nthawi yatha."

Ndinati dikirani. Ndinavula nsapato, ndinapita kumbuyo, ndinagwada. Dzanja pansi pa thabwa. Ndinakonza zongogwedeza milomo kuti aone, koma pakamwa panatuluka mawu enieni: "Ababa, ndine Lois. Ndikulitenga." Tha.

Ndinadzuka, ndinapotoza kiyi kamodzi kokha. Injini inabangula, utsi wakuda kuti tolo, mbalame zonse za m'bango balala.

Azakhali nthungululu, misozi ili mbwembwembwe: "Zefaniya wasankha! Mwaona nonse, wasankha!" A Horace anatsika mwakachetechete, nsapato zija zili m'matope, anavula kapusi. Anandifunsa chapansipansi, "Iwe, wawauza chiyani?"

Ndinati, "Za ine ndi iwo."

Lachiwiri ndinanena ndekha kuti akufa sagwira mawaya. Azakhali andikumbutsa kawiri konse. Ndangoti, "Ndamva, azakhali." Anene zimene anganene, lole yabwerera yopanda kanthu.

Ndinapita ndekha mpaka kutsidya, kukaona malo athu akale otchera ukonde. Pobwerera dzuwa linali litapendeka, padoko popanda munthu. Ndinamanga chingwe, ndinachotsa kiyi, ndinapita kumbuyo kukatseka.

Kuzimitsa kaswichi n'kamphindi chabe. Ine ndagwada pamenepo mpaka mawondo achita dzanzi.