Makiyi a Mtima Wanga

Lolemba, 6 Okutobala

Woyamba kundiuza zoti mtima wanga uli ndi makiyi ndi Burul, namwino wa kuno ku At-Bashy, uja wa dzino lagolide. Wandiuza lero, mpaka pano m'mutu mukutentha. Lemba iwe foni, ine sukulu sindinaiponde, luso langa ndi pakamwa.

Kamakina kamene anandiika pachifuwa kulikulu ku Bishkek kamawongola mtima ukasokonekera, pondimenya ndi magetsi. Chabwino. Koma ndi kazitapenso. Kamauza foni, foni n'kuuza dokotala, n'kuuzanso mwana wanga wamkazi Jipar. Dzulo ndinali kukhola kuyeserera nthano ya ngwazi Jolbolot, poti Loweruka ndi sadaka ya chaka ya mnzanga Abdyrazak, ndipo ndinamulonjeza ali moyo kuti ndidzamulakatulira yonse. Ndangofika pomwe ngwazi ikumanga chishalo pahatchi, foni ngrii! Ndi Jipar, amanditchula Ata, ndiye kuti atate.

"Ata, mtima wanu ukuthamanga. Mwayambanso eti? Loweruka musayerekeze."

Ondimvera anali nkhosa zokha, koma iye wandigwira ali ku Bishkek!

Ndiye ndapita kwa Burul kuti akachotse. Waseka. "Agogo, si dzino limeneli. Komatu oona za mtima wanu, makiyi munawapatsa ndinu. Munadinda chala kuchipatala." Ndati tsiku limenelo, ndi mankhwala aja m'mutu, ndikanadinda ngakhale akanati akugulitsa mkazi wanga.

Akuti chosunga makiyiwa dzina lake bulokutcheni. Ndati yankhula ngati munthu. Akuti makompyuta ambiri, a ku Naryn, a ku Osh, a kwina, onse amasunga pamtima kuti kiyi ndapatsa yani, ndalanda yani, ndipo imodzi ikanama zinzake zimaikana. Ndati mwana iwe, amenewo ndi maina a makolo! Tayesa kusintha dzina la gogo wa gogo wako pagulu, uone ngati nkhalamba sizidzuka zonse ndi ndodo.

"Ndi zomwezo," akutero, "kungoti izi sizimwa tiyi."

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndalanda makiyi onse awiri. Chala chachikulu pagalasi, basi. Burul anandigwira mkono. "Wa Jipar landani, n'za kubanja kwanu. Koma wa dokotala siyani. Kamakinako kakakumenyani adziwa ndani?" Ndinati ndidziwa ine, mwini chifuwa. Dokotalayo ndi Jipar amauzana zonse. Ukasiya mpata umodzi pakhola, nkhosa zonse zitulukira pomwepo.

Kalbubu, mkazi wanga, atamva: "Nkhalamba inu, mukufuna ndikazinge mitanda ya mandasi a boorsok ya sadaka ziwiri?" Ndinati kazinga yambiri, yako ija imalimba ngati mwala, idzandidikira. Tiyi wanga wabwera wopanda mkaka.

Lachitatu, 8 Okutobala

Jipar waimba mpaka foni kutentha. Ilire.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndayankha. Akuti anapita kuchipatala kuti amutsegulire, anakalipa, anatchula maina a akuluakulu amene amawadziwa. Anamuuza kuti ngakhale mkulu wa chipatala sangathe popanda chala cha mwini. Ha! Koyamba chibadwire ofesi yaima mbali yanga.

"Ndine mwana wanu, Ata!"

Ndinati mwana amabwera. Chiikireni kamakina aka, waponda pakhomo pano? Umandiona m'mizere ya pafoni ngati mtengo wa nkhosa pamsika.

Kenako, mofatsa: "Mukalakatule theka lokha."

Theka! Wakulira m'nyumba muno ameneyu? Ngwazi ikakwera hatchi, wolakatula saima mpaka itatsika. Sumusiya munthu pachishalo. Ndipo womvera sadula, ngakhale denga litagwira moto. Amene anandiphunzitsa analakatula mano akugwedera ndi malungo, osamwa ndi madzi omwe. Abdyrazak anandimvera moyo wake wonse, akugona pakati n'kudzuka kumapeto kuti anditsutse. Ndimupatse theka?

Mantha ndili nawo, foni iwe. Zimenezo usauze munthu.

Loweruka, 11 Okutobala

Lemba msanga, mawu akutha.

Anapha hatchi yonenepa ya ndiwo monga mwa mwambo wathu, anthu anadzaza mahema onse. Ndikukhala pamalo panga, ndinangoona Jipar ali pakhomo, nsapato za m'tauni zili matope okhaokha, mpango wobwereka kumutu. Sanandilonjere. Anadutsa kumbuyo kwa akuluakulu n'kukhala kumanzere kwanga, malo osakhala mkazi wamsinkhu wake, n'kundigwira pamkono pomwe pamagunda. Mkazi wa malemu anati ayankhule, Kalbubu anamuyang'ana kamodzi, nkhani inathera pomwepo.

Ndinayamba. Ngwazi inakwera. Ndikafuna kutambasula mkono wamanzere, wagwidwa, ndiye nkhondo yonse ndinamenya ndi wamanja. Amayi analira pamene mlongo wa ngwazi akumeta tsitsi lake. Mawu anabwera ngati kale, osawafuna, akungosefukira.

Pamtsinje, pomwe mkondo umalasa Jolbolot, kamakina kanandimenya. Phuu! Ngati bulu wandiponda pachifuwa. Ndinagwada chamtsogolo, m'maso mdima. Anthu anafuula, ati ndikusewera kulasidwa kwa ngwazi. Wina kumbuyo: "Nkhalamba ikadali moto iyi!"

Jipar yekha ndiye anadziwa. Zala zake zinandilowa m'mnofu. Ndinamva akukoka mpweya kuti akuwe. Ndinamuyang'ana. Anayang'ana ine, anayang'ana anthu, n'kuluma mlomo. Kenako ananong'ona mawu amene ndinalekezera: "Magazi anafiiritsa madzi." Amawakumbukira! Anawamva ali kamwana, atabisala kuseri kwa zofunda.

Ndinatola pomwepo. Ngwazi inaoloka, inafika kwawo, inatsika. Ndamupatsa yonse Abdyrazak. Achibale ake anandipatsa mutu wa nkhosa wa ulemu, ndinalephera kugwira mpeni, anandidulira Jipar.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndadzuka pachifuwa pali ngati pagona ng'ombe. Jipar anali atakhala kale pamphepete pa bedi, foni yanga ili m'manja, maso otupa.

"Chala."

Ndinati ntchito yatha, dokotala aone. Ndinadinda. Tisanamalize tiyi dokotalayo waimba, akukalipa ngati ndamubera hatchi, akuti Lachitatu ndikapezeke ku Bishkek. Ndipita. Ndimuuzanso kuti kiyi ndamubwereka, sindinamupatse.

Jipar sanachotse foni. Pansi pa dzina la dokotala panali lake, akutero, poti ine zilembo ndimangoona ngati mapazi a nkhuku.

"Nanga langa?"

Ndinabisa chala m'khwapa. Ndinati dzulo mtima wanga unaumva bwino ndi dzanja lako. Ukaufuna, msewu ukuudziwa.

"Ndinu munthu wovuta, Ata."

"Watengera kwa yani?" anatero Kalbubu ali kukhitchini.

Anaponya foni pabedi n'kutuluka, chitseko phwaa! Ndinamva minibasi ya ku Bishkek ikuliza hutala pamsewu, ikulizanso, kenako n'kunyamuka. Ndasuzumira pawindo. Jipar ali kukhola, wavala majombo anga, akutukwana nkhosa.