Meya Wakufa wa mu Kaseti ya ba Mutale

Loweruka, 6 Ogasiti 1988

Masana Chibwe, mnzanga wokonza mawailesi, wandichotsa pa makina osokera kuti tikaonere vidiyo kwa ba Mutale konkuno ku Chawama. Kaseti ya Chifalansa, yobwera ndi khukhi wa mzungu wina kumayadi. Mawu palibe amamva, koma nkhani imaoneka yokha. Meya wa tauni ina wamwalira, akuluakulu ake abisa maliro. Amukhazika pawindo, chingwe kudzanja, wina nkumakoka ali pansi pa tebulo. Anthu panja kuwomba m'manja. Nkhope ikuwola, iwo kumangoipaka paudala. Khutu litagwera mu supu, mkazi wake anangolivuula ndi supuni nkupitiriza kudya.

Tinaseka mpaka misozi. Ndiye Chibwe mokweza: "Uyu timuziba uyu. Azawina futi mavoti."

Kuseka kunathera pomwepo.

Lamulungu, 7 Ogasiti

Chakudya sichikutsika. Khutu lija.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Chibwe kulibe. Ba Ennie, mkazi wake, akuti dzulo kunabwera amuna awiri pa galimoto yopanda nambala nkumutenga, ati akakambirane za wailesi. Kaseti nayo atenga. Kwa ba Mutale kuli loko.

Mkazi wanga Mwanabibi wati nditseke pakamwa. Makolo athu ndi a ku Malawi, aboma akhoza kungotikweza lole mpaka kumalire, ana ndi makina kutsala.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Anyamata a chipani atitsekesa mashopu kuti tikandande mumsewu kulandira bwana wina. Galimoto yakuda, galasi lotsika pang'ono, dzanja lokha likukwera ndi kutsika. Nkhope sindinaione. Ndinawomba m'manja ngati wina aliyense, koma maso amafunafuna chingwe, ndipo kuseka kunandifika pakhosi. Ndinaluma lilime mpaka magazi.

Loweruka, 13 Ogasiti

Ba Ennie anandipempha ndiwaperekeze kupolisi. Ndati ndili ndi mayunifomu a sukulu oti ndimalize. Anapita okha.

Onse amene tinali m'chipinda muja tikupatsana moni mothamanga. Wina mwa ife ndiye anakanena.

Lolemba, 15 Ogasiti

Ndikagona pang'ono ndikumaona nkhope yopakidwa paudala ija. Tsopano ndi ya Chibwe.

Lachitatu, 24 Ogasiti

Chibwe wabwera. M'mawa ndangomuona ali pakhomo pa shopu yanga, thalauza lake la kutchalitchi lili m'manja. Mutu wometedwa, mano awiri akutsogolo palibe. Ndinayamba kupepesa za ba Ennie, iye maso ali kumsewu.

"Muchepeseko mu chiuno, ba Hatibu. Igwa."

Ndinatenga tepi yoyezera. Nditangomuyandikira anakweza manja onse m'mwamba nkutembenukira kukhoma, miyendo atatangadza. Ndinamuyeza ali chomwecho. Nditamaliza sanatsitse manja mpaka nditamuuza.