Mbaula yathu yakhoza mayeso

Temuco, 14 Julaye

Okondedwa Azakhali Herminia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Antofagasta, kumene chisanu mumangochimva m'makalata. Ife kuno mano ali gwegwegwe, koma ndikulemba ndikuvina: mbaula yamagetsi imene tapanga ndi amuna anga a Aurelio, ija imafunditsa munthu ngati dzuwa, aivomereza!

Oyesa zamagetsi anaibweza kawiri konse. Amvekere, "Mayi, anthu akuno azidzaisiya ikuyaka tsiku lonse ngati ya nkhuni, n'kuyanikapo masokosi. Iyenera kumazima yokha." Tinaikamo kachipangizo koizimitsa chipinda chikafunda, ndipo Lachiwiri anaimata chizindikiro choti siidya magetsi ambiri. A Aurelio analira, ndi ndevu zawo zonse zija!

Yoyamba tinakapatsa bambo, achimwene anu. Ataiyang'ana anati, "Iwe Ximena, moto wanji wopanda potereka ketulo?" Komabe akuiyatsa. Dokotala ataona chithunzi cha m'chifuwa mwawo anawaletseratu utsi wa nkhuni. Ananenanso zina, koma si za m'kalata.

Mukabwera mudzagona m'nyumba yofunda, yopanda utsi. Kungoti musadikire chilimwe, Azakhali.

Ndine mwana wanu,
Ximena